Amene Anaulutsa Avuwo

Avuwo ndinayamba kuwaona ndine, ndili mnyamata, ntchito itanditengera kunyanja kwa miyezi ingapo. Nditabwerera kwathu ku Mlangeni n'kukwatira, ndinkawasimbira akazi anga za mbalame zoyera, zazikulu ngati nkhosa, zathumba kukhosi, zosodza pamodzi zitandandalikana ngati anthu okoka khoka. Iwo ankangoseka, ati mlimi wa kachewere angadziwe chiyani za m'madzi. Ndinawalonjeza kuti tsiku lina ndidzawaonetsa ndekha. Ana anabadwa, anakula, anachoka, lonjezo lili pomwepo.

Chaka chatha ndinakonza ulendo wopita kumalo osungirako mbalame a m'mbali mwa nyanja. Galimoto ndinakapeza ndine ku Boma, tsiku ndinasankha ndine, ndipo mapepala onse a ulendowo ali m'bokosi langa kwa aliyense wofuna kutsutsa. Akazi anga anaitana mng'ono wawo, mng'onoyo n'kubwera ndi amuna ake, mkamwini mnzanga amene amalima mpunga wothirira kuchigwa. Tinawatenga pa Manjawira. Munthuyu amaseka asanamalize nkhani yake, ndipo anthu amaseka naye. Ine sindinamvetsepo chifukwa chake.

Pachipata anatipatsa kapepala ka malamulo. Ndinawerengera onse mokweza, ndipo lamulo loletsa phokoso ndinaliwerenga kawiri nditayang'ana achimwene a mpungawo. Anagwedeza mutu, akutafuna mtedza.

Mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira anatitsogolera m'kanjira ka m'mabango. Tinaona mapazi a mvuu m'matope, ng'azi itagona padzuwa, akakowa ataima mwendo umodzi. Kenako tinalowa m'kanyumba ka udzu kokhala ndi mpata wosuzumirapo. Patali pang'ono, pamadzi osaya, panali avuwo anga, ochuluka kuposa amene ndinawaona kale.

Magalasi oonera patali anali amodzi. Mayi uja anandipatsa ine monga wamkulu. Ndinafuna kuwakonza bwinobwino kuti akazi anga akangoika m'maso, aone thumba lija osavutika. Ndinapukuta ndi mpango, ndinapotokola kagudumu kake uku ndi uku. Akazi anga anandinong'oneza kuti, “Bambo, tipatseni tione.” Ndinawauza kuti adikire pang'ono, zinthu zimafuna dongosolo.

Nthawi yomweyo gulu la mpheta linatera pa udzu wangala umene unali kutsogolo kwa kanyumbako. Tsono anthu a mpunga, mpunga ukayamba kucha, amakhala m'munda kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuingitsa mbalame ndi zitini ndi kukhosi komwe. Achimwene aja anali atangochoka ku ntchito imeneyo dzulo lake. Sanaganize n'komwe. Anadzambatuka, anaomba m'manja, nakuwa mfuu ija ya kumunda yomwe imamveka tsidya lina la chigwa.

Mpheta zinathawa. Pambuyo pake atsekwe, akakowa, ndiye avuwo onse. Anathamanga pamwamba pa madzi, mapiko akumveka ngati nsalu zoyanika pamphepo, nadutsa pamwamba pathu penipeni. Izi ndinachita kumva. Ine maso anali m'magalasi, ndikuona madzi opanda kanthu, akuoneka bwino kwambiri.

Nditatsitsa magalasi ndinapeza akazi anga atatuluka panja, nkhope kumwamba, dzanja litagwira mkono wa jekete la alamu awo. Ankangoti, “Alamu, taonani mimba zake, taonani kukhosiko.” Chimwemwe choterocho ndinali ndisanachione pankhope pawo chikwatiranireni.

Mayi wa yunifolomu anawadzudzula achimwene aja, koma pakamwa pake pakuoneka kuti akubisa phwete. Achimwene anavula chipewa n'kupepesa, ati pakamwa panangotseguka pokha, iwo akaona mpheta amaona njala. Onse anaseka. Ine ndinatulutsa kapepala kaja n'kuloza lamulo. Achimwene aja anandiyankha kuti, “Achimwene, mukanapitiriza kupukuta magalasiwo, mbalamezo zikanakalamba.” Anasekanso, akazi anga omwe.

Tinadikira kuti avuwo abwerere. Anakatera kutali, kuseri kwa mabango, kumene ngakhale magalasi sakanafika. Ndinawapatsabe akazi anga magalasiwo. Anasuzumira pang'ono mwaulemu, n'kundibwezera, ati aona kale.

Mng'ono wawo anajambula chithunzi pafoni nthawi ija, ndipo anatsukitsa n'kutitumizira. Chapachikidwa pabalaza pathu. Kumwamba kuli avuwo, pakati pali akazi anga ndi alamu awo, ndipo kumapeto, m'kati mwa kanyumba, kukuoneka chigongono changa. Ndinafuna kuchiika m'bokosi pamodzi ndi matikiti, kumene sichingagwire fumbi, koma akazi anga anakana.

Alendo akabwera amawatengera pachithunzipo n'kuwauza kuti alamu awo a kuchigwa anawaonetsa avuwo. Ndimawakumbutsa kuti ulendo unali wanga. Amavomera kuti inde, galimoto ndinapeza ndine.