Madzi Oyera a pa Chithunzi cha Abwana

Matipate atangoyamba, ndinkagwira ntchito yaukalaliki ku Lilongwe. Tsiku lina abwana anapachika mu ofesi chithunzi chakuda ndi choyera, chojambulidwa kwathu komwe mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Anatiitana kuti tione luso la wojambulayo: pansi ponse madzi oyera mbee, chakumanja migwalangwa itatu yakuda bii. Anzanga ankangoti, "Koma ndiye kukongola!"

Ine ndinapsa mtima. Migwalangwa ija ndinkaidziwa, inali m'malire a munda wa amayi anga. Kuyera kuja sikunali nyanja ayi, anali madzi osefukira omwe anamiza mpunga wathu wonse. Chaka chimenecho amayi ankagona ndi njala.

Wojambulayo anapeza nthawi yodikira kuti dzuwa liwale bwino, koma yofunsa mwini munda analibe.