Saka la apongozi anga

Galimoto yanga yoyamba inali yabuluu wodera, yogwirapo kale ntchito kunja. Ndinaigula nditakhala kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo zaka zambirimbiri, ndipo sindibisa, ndinkaikonda mopusa. Mkazi wanga ankati zikanatheka ndikanailowetsa kuchipinda n'kutulutsa iyeyo.

Chaka chomwecho apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe. Akazi awo anali atamwalira, maso anayamba kuchita ng'ala, ndipo kwawo ku Nsabwe kunalibe wowaphikira kapena wowakumbutsa kumwa mankhwala. Kuti avomere kubwera tinachita kutuluka thukuta. Munthu woti moyo wake wonse anathyola tiyi, dengu kumsana, mvula ndi dzuwa, sumuuza kuti akhale pakhonde aziwerenga magalimoto. Tsiku limene anafika ananena tonse tikumva: "Ine sindidya pakhomo pamene sindigwirapo ntchito. Ndikaona kuti ndangokhala, ndibwerera kwathu." Sankaseka ayi.

Nyumba ya kampani ilibe munda woti munthu n'kulima. Anazungulira masiku awiri, lachitatu ntchito anaipeza okha. Ndikudzuka ndinawapeza ali pa galimoto, chidutswa cha saka la feteleza chili m'manja, akupukuta mozunguliza, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'Chilomwe. Madzi anali theka la ndowa, omwewo matayala, omwewo boneti. Fumbi lathu lija lofiira, la mchenga, ankangolitembenuza pa pentipo. Kuyambira pamenepo sanaphonye m'mawa ndi umodzi womwe, kupatula la Sabata.

M'miyezi ya chiperoni palibe chinaoneka. Kunja kukakhala nkhungu galimoto iliyonse ndi yokongola. Koma dzuwa litabwerera, tsiku lina masana ndikutuluka mu ofesi ndinaona boneti yonse ili timizere tozungulirazungulira, tonyezimira, ngati kangaude wamangapo. Zitseko chimodzimodzi. Dalaivala wina wa lole yonyamula masamba anaima pambali panga n'kunena, "Bwana, mumaitsuka ndi chikonyo cha chimanga kodi?" Ndinaseka naye, koma ndinadziwa kuti ndi saka lija.

Kunyumba ndinaitanira mkazi wanga kuseri. "Ndi bambo anu, auzeni."

"Ndiwauze chiyani? Kuti ntchito imodzi yomwe ali nayo ndi yowononga? Mawa lomwe mukawapeza pa siteji, chikwama chili pamwendo."

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipweteka. Nanga ine mkamwini ndikanayamba bwanji kudzudzula munthu amene anandipatsa mwana wake? Ndinabisa saka lija. Anapeza lina, pa esiteti masaka satha. Ndinayesa kulawirira kuti nditsuke ndekha. Anaima pakhomo n'kumandiyang'ana, manja ali kumbuyo, ndipo tsiku limenelo phala sanalikhudze. Ndinaleka. Ndinasankha kuti penti ife koma mkuluyo akhale, ngakhale m'mawa uliwonse ndikamva saka likukhwekhwereza ndinkaluma mano m'bulangete.

Dalaivala uja ndiye anandiuza za mmisiri wina wa ku Bvumbwe, wowongola ndi kupopera magalimoto, yemwe anali ndi makina opolishira. Ndinamuimbira kuti abwere Loweruka, poti apongozi amakhala ku tchalitchi tsiku lonse. Nzeru zanga zinali zoti zonse zichitike mobisa. Mmisiriyo anangoti, "Pepani bwana, inenso la Sabata sindigwira makina. Ndibwera Lamulungu." Wochenjera uja ndinagwa chagada.

Anafika panjinga yamoto, bambo wamfupi wa imvi za apo ndi apo, wosafulumira pa chilichonse. Apongozi anatenga mpando n'kukhala pafupi penipeni. Mmisiri anati tikankhire galimoto pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, chifukwa chitsulo chikatentha polishi amauma asanagwire ntchito. Anaitsuka kawiri, n'kumata tepi m'mphepete mwa magalasi ndi pa mapulasitiki. Kenaka anawalitsa tochi ya foni pa boneti, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali.

"Imatsukidwa ndi ndani galimotoyi?"

Ndisanapeke bodza, apongozi anali atayankha kale, chifuwa chili patsogolo. "Ndine."

Mmisiri anayang'ana mkuluyo, anayang'ana saka lili pa waya, anandiyang'ana ine. Sindikudziwa chimene anawerenga pankhope panga. Anatsegula chitseko n'kuyendetsa chala m'munsi mwake.

"Ndimaona magalimoto ambiri, bambo. M'munomu mumakhala matope a chaka chatha, dzimbiri n'kuyamba. Muno mulibe kanthu. Wotsukayo ndi munthu wosadumpha mzere."

"Kapitawo sanandibwezepo pa mzere wa tiyi ine," anatero apongozi.

"Ndiye bwerani mundithandize. Maso anga amanama, zala za wothyola tiyi sizinama."

Anawaveka kajumbo kopyapyala kudzanja n'kuwauza kuti asisite boneti. Akuti m'kajumbo zala zimamva chilichonse. Apongozi anasisita n'kunena kuti pakumveka ngati nsengwa. Mmisiri anawafotokozera iwowo, osati ine mwini galimoto, kuti pamwamba pa penti pali kachikopa kowala, kopyapyala kuposa pepala. Fumbi likakokedwa ndi chinthu chokhakhala limalemba m'kachikopako, ndipo dzuwa likawomba timizereto timaoneka. Sanatchule saka. Sananamenso.

Anadula kachigawo kakang'ono ndi tepi, anadontheza timadontho tinayi ta polishi pa siponji yozungulira ya makina aja, n'kuidinda apa ndi apo asanayatse. Anayamba pang'onopang'ono kuti polishi afalikire, kenaka anawonjezera liwiro. Makinawo ankalira ngati njuchi zili m'mphika. Ankawayendetsa mwaulesi ndithu, kupita uku n'kubwerera, mzere uliwonse ukuponda theka la unzake, kenaka mopingasa. Sankakanikiza, ndipo sankaima malo amodzi. Pakapita kanthawi ankakhudza chitsulo ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha. "Ukaima, wawotcha," anatero. "Ukawotcha, palibe kubweza."

Atapukuta ndi kansalu kofewa n'kumatula tepi, boneti inali ndi nkhope ziwiri. Mbali ina kangaude uja, mbali ina masamba a mtengo wa mapeyala akuoneka limodzilimodzi. Apongozi anasisita uku, anasisita uko.

Ntchito inatenga tsiku lonse. Chigawo chilichonse chikatha, mmisiri ankaitana, "Bambo, dzayeseni," ndipo kawiri konse mkuluyo anamubweza kuti pakona sipanathe. Anabwereza osatsutsa. Pomaliza anapaka phula loteteza, n'kutulutsa m'chikwama chake nsalu ziwiri zofewa zaubweya. Sanandipatse ine.

"Makina awa amadya kachikopa kaja pang'ono," anauza apongozi. "Kawiri, katatu, katha. Ine sindingabwere chaka chilichonse. Ndiye galimotoyi ndikuisiya m'manja mwanu. Ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Muyambe mwathira madzi ambiri fumbi litsike lokha. Kuchokera pamwamba kupita pansi, mowongoka, osazunguliza. Matayala nsalu yakeyake. Ndipo bwanawa musawalole kuipukuta youma, anthu a mu ofesi amapupuluma."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu wa pakati pa minda. Pomuthokoza ndinagwira dzanja lake ndi manja awiri. Iye anati, "Nanenso ndili ndi bambo kunyumba," n'kuliza njinga yake.

Nditabwerera ndinapeza apongozi atakhala pampando paja, saka lili pamwendo, alipinda bwinobwino. Ndinadziwa kuti amva zonse, ndipo m'maganizo mwanga ndinaona kale chikwama chija.

"Khalani pansi apongozi," anatero, poti ndi mmene ankandiitanira nthawi zonse. Ndinakhala pa chitsa. "Maso ndi amene anafa, makutu alipo. Timizere tija ndinalemba ndine, ndi ichi. Munaona liti?"

"Papita miyezi, bambo."

"N'kukhala chete?"

"Ndinkaopa kuti mupita."

Anapukusa mutu. "Kukhala chete kumeneko ndiye kukanandipititsa. Munthu amene akuwononga chinthu chako iwe n'kumangomusekerera, ameneyo ndi mlendo. Ndipo mlendo ndi mame. Mwana wapakhomo akanati, bambo, mukulakwitsa. Ine ndakhala muno miyezi yonseyi osadziwa kuti ndine mlendo."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinapepesa. Anandisiya ndipepese mpaka nditamaliza, kenaka anandipatsa saka lija. "Kaikeni m'khola, nkhuku ikuikira pansi."

Sanabwerere ku Nsabwe. Anakhala nafe zaka zawo zonse zotsala, ndipo timizere tija sitinabwererenso. Mmisiri uja ndinakumana naye kangapo pamsika wa Bvumbwe, ndipo nthawi zonse ankayamba wafunsa za mkuluyo, za galimoto pambuyo. Ndimamuthokoza mpaka lero, pakuti chimene ine wophunzira ndinalephera miyezi yonse ija, iye anachikonza tsiku limodzi popanda kuchotsera munthu ulemu.

Patangotha sabata chipolishireni galimoto ija, m'mawa wina ndinkachedwa kupita ku ntchito. Mbalame inali itaipitsa pa boneti, ndipo ndinatulutsa kampango m'thumba kuti ndingopukuta msangamsanga. Sindikudziwa anandiona bwanji ndi maso awo aja. Mawu anachokera pakhonde, okalipa ndithu, ndipo aka kanali koyamba kundiitana chomwechi:

"Iwe mwana iwe, chotsa dzanja pamenepo. Dikira ndibweretse madzi."

Ndinachotsa dzanja, ndinaima pambali, n'kudikira.