Ufa wa Galu Wathu

Chaka chimene mvula inadula chimanga chisanamasule, m'masitolo a mu Lusaka munadzaza ufa wachikasu. Ankati chimanga chake chachokera kunja, n'chithandizo cha njala. Ife a ku Libala, mu Lusaka momwemo, ophikira pa sitovu yamagetsi, tinaunyoza. Nsima yake tinkati ikununkha thumba, ndipo ana anga ankangoitosa ndi chala. Bambo a kunyumba kwanga, munthu wa tayi, anali ndi njira zawo zopezera ufa woyera. Wachikasuwo tinkaphikira galu.

Kenaka kunabwera achemwali anga kuchokera kumudzi, cha ku Chipata. Ndinawazindikira ndi chitenje chimene ndinawagulira ndine, thupi lonse litathera m'kati. Nditafunsa za kumudzi anangoti, "Tilipo." Ine n'kuvomera, poti wam'tauni amafunsa mwamwambo chabe.

Tsiku lachitatu ndinapita kuseri kukayanika zovala. Pa lata la khola la nkhuku panali patayanikidwa timibulu ta nsima yachikasu, tina tooneka mano. Achemwali anali chogwada pa mbale ya galu, akukokota ndi supuni, galuyo atam'mangirira kumtengo wa mapeyala.

"Asisi, muchita chani? Ivo ni va galu!" ndinakuwa, maso ali kumpanda kuopa kuti aneba aona. Inde, choyamba kundifikira m'mutu chinali aneba, ndipo mpaka lero ndimachita nacho manyazi.

Iwo sanadzidzimuke n'komwe. "Ikauma ndikasinja, ana akamwe phala. Galu wanu amasiya yambiri."

Ndinafunsa ngati chithandizo sichinafike kwathu. Anati a chipani analemba mayina kusukulu, anthu ankagona kumsewu kudikira lole, koma mpaka tsiku limene ananyamuka inali isanaoneke. Achemwali anali ndi ana anayi. Ndinayamba kufunsa za mmodzimmodzi, ndipo nditatchula wotsiriza, amene anam'patsa dzina langa, supuni ija inangopitiriza kukokota.

"Tinaika mwezi watha. Kalata sitinalembe, tinati muli ndi mavuto anu a m'tauni."

Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo. Thumba la galu linali chitsamire pakhomo la khitchini, ufa uli wopitirira theka. Achemwali analiyang'ana kanthawi, kenaka anandifunsa motsitsa mawu, monga wantchito kwa bwana, ngati alamu awo angalole kuti alitenge.