Zithunzi za Makomo

Achemwali anga anali munthu wosakhazikika pakhomo. Loweruka lililonse ankandikoka kupita ku Limbe kukasirira nsalu zomwe sitinkagula, kenako ku Chichiri kukadya ayisikilimu. Ngozi ya minibasi itawapha miyendo, anakhala pa njinga ya olumala kwathu ku Mbayani, ndipo analumbira kuti sadzapita kulikonse kumene angafunike kunyamulidwa. Ankati iwo si thumba la chimanga. Ine zinkandipsetsa mtima, poti msana ndinali nawo, koma achemwali akakana, akana basi.

Patapita nthawi mnzawo wa kutchalitchi anawalowetsa m'gulu la pa foni la anthu oyendera njinga zoterezi. Kumeneko ankauzana malo okacheza amene munthu angalowe yekha osagwiridwa. Achemwali anayamba kundituma kuti ndizikawajambulira malo. Ulendo woyamba ndinapita kumalo ena odyera ku Mpingwe, n'kubwerako ndi zithunzi za maluwa ndi phiri, ndikudzimva katswiri. Anazipenda pang'ono n'kundibwezera foni.

"Iwe, maluwa ndilowera pamenepo? Ukandijambulire khomo, masitepe ndi chimbudzi."

Ndinabwererako ndikung'ung'udza. Masitepe analipo ambiri, ndipo mlonda atandipeza ndikujambula chitseko cha chimbudzi anandiperekeza mpaka pageti. Achemwali atamva anaseka mpaka misozi, kuseka komwe tinali titakuiwala m'nyumba mwathu.

Kenako munthu wina m'gulu muja anatumiza chithunzi cha malo omwera tiyi m'tauni, a khomo lalikulu ndi kanjira kotsetsereka m'malo mwa masitepe. Achemwali anati tipite. Chotsala chinali ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yathu, imene sinalembedwe pa foni ya aliyense. Mpalamatabwa woyandikana nafe anayalapo chitseko chakale, iwo n'kuwoloka okha. M'galimoto imene tinachita hayala analowanso ndi mphamvu ya manja awo. Titafika m'tauni ndinafuna kuwakankha pokwera kanjira kaja, koma anandiuza kuti manja anga ndiwaike m'thumba. Anakwera thukuta lili kamukamu, ndipo ine ndinalira ndili kumbuyo kwawo.

Kuyambira pamenepo ma Loweruka athu anabwerera. Tsopano amene ankajambula makomo anali iwowo, n'kumalangiza alendo ochokera kutali kumene angalowe ndi kumene angavutike pachabe. Kujambulidwa ali panjinga ndiye ankakana ndithu.

Anatisiya chaka chatha, ndipo ndimawasowa kwambiri. Foni yawo ili ndi ine, yodzaza ndi makomo a mu Blantyre muno. Ndinafufuza nkhope yawo mpaka ndinaipeza pa chithunzi chimodzi chokha, cha malo a tiyi aja. Chitseko chake n'chagalasi, ndiye anaonekera m'galasimo mosadziwa, foni ili m'manja, akumwetulira. Kumbuyo kwawo kuli ine, manja ali m'thumba.