Dzino la Amayi M'mapiri a Chikangawa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaona mapiri enieni koyamba. Kwathu ku Nkhamenya dziko ndi lathyathyathya, minda ya fodya mpaka pothera maso. Chaka chimenecho abambo, omwe anali aphunzitsi, anatitenga ine ndi amayi kupita ku Nkhata Bay ku ukwati wa mng'ono wawo. Tinakwera kumbuyo kwa lole yomwe inkanunkhabe mabelo a fodya.

Titapitirira Jenda msewu unayamba kukwera ndi kukhotakhota. Chifunga chinatikuta, mitengo ya paini ikudontha madzi, lole ikuterereka m'matope, uku phiri, uku chiphompho.

Pafupi nafe panakhala bambo wina wovala malaya ofiira a anyamata a chipani, ndi mkazi wake woyembekezera. Masiku amenewo munthu wa malaya otere sankayang'anidwa m'maso. Pokhota pena mkaziyo anachita chizungulire, nasanzira nsapato za mwamuna wake.

Khofi loyamba linamveka ngati nkhuni yothyoka. Kenaka zibakera. Anamugwira pakhosi n'kumugunditsa mutu pachitsulo mpaka duku linanyowa magazi. Abambo anga, omwe ana asukulu ankanjenjemera nawo, maso anali pachipewa chawo.

Amayi ananditsitsa pamiyendo pawo, naimirira.

"Achimwene, basi. Mupha anthu awiri."

"Mayi, mukundidziwa ine?"

"Malayawo ndawaona. Koma si inu nomwe mumatiimbitsa pamisonkhano kuti amayife ndife mbumba ya mwini dziko? Nanga uyu si mbumba?"

Chibakera chinawapeza pakamwa. Anagwera pamatumba a chimanga, nalavulira dzino m'dzanja. Anadzuka n'kuima pakati pa bamboyo ndi mkaziyo. Anawagwetsanso. Anadzukanso, magazi akuyenderera pachibwano.

Apo mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa, ndipo amayi onse a m'lolemo anadzambatuka. Anamuunjirira bamboyo ndi maambulera, nsapato, zikhadabo. Malaya ofiira aja anang'ambika mpaka kumsana. Wina anamenya padenga, dalaivala anaima, ndipo amayiwo anamukankhira bamboyo kunja, nagwa chagada m'matope. Dalaivala anasuzumira, n'kungoponda moto. Mkaziyo anagoneka mutu pamiyendo ya amayi anga mpaka ku Mzuzu, komwe tinamusiya kuchipatala.

Tikutsika zitunda za ku Nkhata Bay, abambo ananong'oneza amayi, akuwaitana ndi dzina langa.

"Amake Tiyanjane, mwatiphetsa. Akakatinenera, ntchito yatha, mwinanso ine simudzandionanso."

Amayi anachotsa nsalu pakamwa potupapo.

"Mwana wanu wamkaziyu amaonatu. Mumafuna aphunzire chiyani?"

Kwa miyezi yambiri, galimoto ikangomveka pasukulu, choko chinkawagwa abambo m'manja. Palibe anabwera, koma sindiwaseka: anthu ankasowadi masiku amenewo, ndipo mantha awo anali a munthu wolera banja.

Mawu a amayi aja ndinawamvetsa nditakula. Tsiku limene mwamuna wanga ananditchaya khofi ana athu aakazi awiri ali pakhomo, ndinaona mmene ankandiyang'anira, kudikira chomwe ndichite. Ndinazindikira kuti mwana saphunzira ku zomwe timamuuza, koma ku zomwe timalola iye akuona. Ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamugwira dzanja, ndipo ndinatuluka osacheuka.