Mbuzi Imene Amake Lute Anaikana

Senderani pafupi, ana anga, mumve zimene zandionekera masiku ano kuno ku Bundabunda.

Mwezi watha mwana wanga Zakeyo anatentha tchire posaka mbewa. Mphepo inatembenuka, moto nugwira nyumba ya Amake Lute, mnzanga amene tinachokera limodzi kum'mawa. Lute, khanda loyamwa, anali m'tulo m'katimo, ndipo anapsera momwemo.

Kwathu wolakwa amakoka mbuzi kupita nayo kwa wolakwiridwa, iphedwe, mabanja awiri adyere pamodzi, chidani chithe. Lachiwiri ndinakoka yanga. Amake Lute anangoiyang'ana, nati, "Amake Zakeyo, mbuzi iyi idzayamwa bere langa? Bwererani nayo."

Lamulungu aphunzitsi a mpingo wathu analalikira kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi Mulungu mmodzi. Akuti olakwa ndife, koma nsembe anaitulutsa ndi Iye wolakwiridwayo, ndipo nsembeyo inali Mwana wake.

Titatuluka ndinawatsekera njira. "Aphunzitsi, nifunseko. Kumwamba wolakwiridwa anataya mwana, mtendere nubwera. Kuno Amake Lute ataya kale wawo. Mtendere uli kuti?"

"Agogo, Yesu anadzipereka mwa kufuna kwake. Lute sanafunsidwe."

"Nanga Atate aja anadikira masiku angati?"

"Atatu."

"Ife tapyola makumi atatu, manda akadali chitsekere."

Anakwera njinga yawo, ulendo.

Tonsefe timaimba za mwazi wotsuka mpaka kummero kuuma. Kuimba n'kosavuta mwana wako ali kumsana. Ndani wa inu angadye mbale imodzi ndi mayi wa munthu amene anamutenthera mwana? Ine sindikanatha, ndiye mnzangayo sindimuweruza. Madzi akatayika saoleka.

Sindikukana kuti Yesu anafera Zakeyo. Koma Mulungu pa maliro a Mwana wake sanali yekha, ali atatu. Amake Lute ali okha, amuna awo ali ku migodi ndipo kalata sanayankhe.

Zakeyo anathawira ku Lusaka osatsazika. Aphunzitsi akandiona amakhotera njira ya kudambo. Amake Lute anayandikira ku Mgonero, nalandira chikho, koma pondipatsira ine anachiika pansi kuti manja athu asakhudzane. Mbuzi ija idakali pachingwe kuseri kwa nkhokwe, ikunenepa.

Ine ndinatola chikhocho pansi, ndinamwa. Kodi ndinamwa chikhululuko cha yani?