Bowa wa Alamu m'Mbale ya Aneba

"Mwamudyetsa chiyani mkazi wanga? Tulukani mundiuze!"

Anali aneba, dalaivala wa lole amene tinkagawana naye mpanda ku Chinyonga. Chikhalireni moyandikana ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu. Wokweza mawu pamzere pathu ndinali ine. Ndinagwiranapo malaya ndi kondakitala pa depoti ya Limbe, ndipo ntchito yanga ya mu ofesi inathera pakamwa pomwepa. Ndiye ndinatuluka mtima uli kale m'mwamba.

"Pakhomo panga si pokuwirapo, achimwene. Mwaledzera kapena?"

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi Msilamu, mowa sauyandikira. Koma ine pakamwa pamatsogola, mutu n'kumabwera pambuyo.

Anangoika mbale pansi, pafupi ndi mapazi anga. Munali bowa wotsala, wothira tomato. Nditawerama kuti ndione, mkwiyo wonse unathera pomwepo. Bowa wanga ndi woyera, wotambalala ngati khutu. Uyu anali wa timiyendo towonda, tizipewa ting'onoting'ono, ndipo modukamo munali mutada mobiriwira.

Ntchito itatha ndinayamba kulima bowa m'kashedi kuseri kwa nyumba, uja wa m'majumbo amene mumamuona m'masitolo. Sinali bizinesi kwenikweni. Ndinkafuna chochita kuti ndisamangokhalira kukangana ndi mkazi wanga. Kenako mlamu wanga, mchimwene wake wamng'ono wa mkazi wangayo, anabwerako ku Joni n'kundipempha kashelefu ka pakona.

"Uyu si wa ndiwo, alamu," anatero akuseka. "Ndi uja amadya azungu kuti aziona zinthu."

"Zako izo. Bola usandiwolere majumbo anga."

Mkazi wanga sankalowa m'shedimo, ankati mumanunkha chinyontho, ndiye nkhaniyo inathera pakati pa ife awiri.

Sabata imeneyo aneba anali pa chikondwerero chawo chopha mbuzi, ndipo anatitumizira nyama m'mbale imeneyi. Aliyense amadziwa kuti mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Tsikulo ine ndinali ndalowa m'tauni m'mawa, majumbo anga ndinali nditakolola kale onse. Mkazi wanga anatseka mphuno n'kulowa m'shedi, anaona bowa pakona, anazula, anaphika, anabweza mbale. Iyeyo sanalaweko n'komwe. Anati unachepa, wa eni ake.

Ndinawatsatira aneba kwawo. Mkazi wawo anali ndi pakati potopa. Ndinamupeza atakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, mpango utagwera paphewa. Ankaseka, kuseka kosatha, kenako n'kuyamba kulira. Maso anali atada onse ngati a mphaka.

"Khomali likupuma," ankatero. "Liuzeni lisiye. Maluwa a pachitenje akundikwera, achotseni!"

Kenaka anagwira mimba ndi manja onse awiri n'kukhala duu.

"Mwanayu sakusuntha."

Amayi a pamzere anali atadzaza kale pabwalo. Wina ankamukupiza ndi katoni, wina ankakuwa kuti abweretse mkaka. Kumbuyo kwanga ndinamva liwu loti "poizoni", ndipo wina anawonjezera kuti munthu wolima bowa m'nyumba ngati nkhuku anali wokayikitsa kale. Tsiku lina ndikanatembenuka. Tsikulo sindinacheuke n'komwe.

Ndili mwana, kwathu ku Thyolo, banja lina linadya bowa wa m'tchire. Anasanza, anatsegula m'mimba, kenako anachira. Bambo wa pakhomopo anafika popita kumunda, tinamuona ndi khasu paphewa. Patangopita masiku, anayamba kugwa mmodzimmodzi, maso achikasu. Ndinakula ndikudziwa zimenezo: bowa woipa amayamba wakusiya uchire.

Ndinamuimbira mlamu. Kumene anali kunkamveka nyimbo.

"Aaa, alamu, musadandaule. Sapha ameneyo. Akhale pamthunzi, zitha zokha."

"Ali ndi pakati, chitsiru iwe! Akuti mwana sakusuntha!"

Kenako foni inaduka, ndipo nditaimbanso inali yozimitsa.

Mnzawo wa aneba anabwera ndi galimoto. Palibe anandiitana, ndinangolowa kutsogolo, mbale ndaikulunga m'jumbo pamiyendo. Inali nthawi yoweruka, msewu wochoka ku Limbe utathinana, maminibasi akuima pamene afunira. Kumbuyo mayi uja ankafunsa chifukwa chimene magalimoto akusungunukira. Aneba ankapemphera chapansipansi m'chinenero chimene sindichimva. Mkazi wanga naye anali kumbuyoko, atagwira dzanja la mnzakeyo, misozi ili chuchuchu. Ine, amene ndimatukwana dalaivala aliyense wa minibasi wondidutsa, ndinangoyang'ana kutsogolo.

Kuchipatala anamulowetsa mkati, ife n'kutsala pakhonde. Dokotala anatuluka, mtsikana ndithu, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anatsegula jumbo n'kuyang'anitsitsa.

"Bowayu anachokera kuti, bambo? Kumsika, kapena wozula m'tchire?"

Kumsika. Liwu limenelo linali litafika kale palilime. Ndikanangotero, nkhani ya apolisi ikanatha, pamzere ndikanayenda ngati munthu. Koma kuseri kwa katani kunamveka kuseka kuja.

"Wolima. M'shedi mwanga. Ndi wa mlamu wanga, uja wozunguza mutu."

Aneba anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti alimo. Sindinkadziwa kuti alowa m'mbale mwanu."

"Bambo, zimenezo mukakambirana kunyumba," anatero dokotala. "Mwachita bwino kunena. Tikadziwa chimene wadya sitiyenda mumdima."

Anatenga bowayo n'kundibwezera mbale. Tinadikira pabenchi, aneba kumapeto uku, ine kumapeto uko. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji, dzuwa linali litalowa. Kenako namwino anasuzumira n'kuwakodola. Katani itatseguka ndinamva kamakina komvera mtima wa mwana kakulira mothamanga, du du du du, ngati kamwana kakugogoda pachitseko ndi manja onse. Aneba anaphimba nkhope ndi chipewa chawo.

Ndinamugwira dokotala ali pakhomo.

"Adokotala, musandinamize. Bowa amayamba wakusiya uchire."

"Umene mukunenawo ndi mtundu wina. Koma tiyeza magazi, ndipo agona konkuno kuti timuone."

Ndinamva, koma banja la ku Thyolo lija silinachoke m'maso. Aneba atatuluka ndinafuna kunenapo kanthu. Anandiimitsa ndi dzanja.

"Pitani kwanu, achimwene. Zikavuta mudzamva kulira. Mpanda ndi umodzi."

Tulo sindinatione. Galu akauwa, chitseko chikalira kwa aneba, ndinkadzuka n'kutchera khutu.

Kutacha ndinatulutsa majumbo onse m'shedi, a mlamu ndi anga omwe. Ndinawaunjika pamsewu, poonekera, ndinathira parafini n'kuyatsa. Utsi wake unali wonunkha, anthu anaima patali n'kumaonerera.

Moto usanazime, galimoto ija inaima pageti la aneba. Mayi uja anatsika yekha, dzanja lili m'chiuno, mimba patsogolo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kulowa m'nyumba. Kwathu sanayang'aneko.

Mkazi wanga anali atatsuka mbale ija. Anaima nayo pakhomo, maso ali otupa.

"Nanga iyi tiitani, bambo? Yopanda kanthu siingapite. Chophika changa sangachilandirenso."

Ndinapita ku golosale n'kugula paketi ya shuga. Ndinaitembenuza uku ndi uku kuti ndione ngati ili yomata bwino, yopanda pobooka. Ndinaiika m'mbalemo, ndinavala malaya a kutchalitchi, n'kuzungulira mpanda. Pageti lawo ndinagwira mbale ndi manja awiri, ndipo ndi mawu amene pamzere pathu anali asanawamvepo kwa ine, ndinati, "Odi."